Ndege yopanda injini imauluka ndi manja a otsala pansi

Munthu akaona ndege yopanda injini ikuzungulira pansi pa mtambo, mapiko aatali ali mbee, phokoso osamveka, amangoganiza za amene wakhala m'katimo. Komatu ndege imeneyi, imene amaitcha glider, siitha kudzichitira kanthu. Siingatuluke yokha m'shedi. Siingadziyendetse kupita ponyamukira. Ikaima imapendekeka n'kutsamiritsa phiko limodzi pa udzu, chifukwa gudumu lake lalikulu ndi limodzi lokha, pansi pa mimba. Ikatera imangoti khuma pakati pa bwalo kudikira woitenga. Kuti mmodzi auluke pamafunika anayi kapena asanu otsala pansi, ndipo m'makalabu ambiri a anthu ouluka ndi ndegezi, otsala pansiwa salipidwa. Lero mwagwirira mnzanu phiko, mawa adzakugwirirani ndi iyeyo.

Tsiku lotanganidwa silisankhidwa ndi komiti, limasankhidwa ndi nyengo. Mvula ikadutsa dzulo lake, usiku n'kuzizira, m'mawa kumwamba n'kuyera, mamembala amadziwa okha. Pofika 8 koloko poimika magalimoto padzaza, ndipo ngakhale aja anasowa miyezi iwiri amatulukira ndi zipewa zawo.

Chimene akuthamangira n'chosaoneka ndi maso. Dzuwa limawotcha nthaka, nthakayo n'kufunditsa mpweya umene wagona pamwamba pake. Munda wolimidwa kumene, thanthwe ndi madenga a nyumba zimatentha msanga, pomwe dambo ndi nkhalango zimachedwa. Mpweya wofundawo umapepuka, kenako umathothoka pansi n'kukwera ngati mzati. Eni ntchitoyi amautcha thermal. Kamvuluvulu wonyamula fumbi masana uja ndi phazi la mzati wotero, ndipo miimba ndi akabawi amene amazungulira m'mwamba osakupiza mapiko akwera chinthu chomwecho. Mpweya ukamakwera umazizira ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse, mpaka chinyontho chake chisanduke mtambo wonga thonje wophwatalala kunsi. Pali kasamu kodziwika pa kalabu iliyonse: pa kutentha kwa pansi chotsanipo mlingo umene mame amayambira kupangika, zotsalazo muchulukitse ndi 125. Masana kukafika madigiri 26, mame n'kumayambira pa 12, ndiye kuti mitambo ikhala pa mamita 1,750 kapena chapompo. Nambala yotere ikamveka m'mawa, anthu amasiya kuyenda n'kuyamba kuthamanga.

Vuto lagona pomwepo. Mizati imayamba dzuwa litakwera, imakula masana, n'kufa likapendeka. Aliyense akufuna kunyamuka m'maola awiri omwewo. Kwa ine, tsiku loopsa pa kalabu si la mkuntho ayi, pakuti tsiku limenelo shedi siitsegulidwa n'komwe. Loopsa ndi lokongolali, pamene mtima wafika kale kumitambo manja akadali pa mabawuti.

Kuyendera ndege isananyamuke

Ndege yophunzitsira ya mipando iwiri, monga ASK 21 yopangidwa ndi kampani ya Alexander Schleicher ku Germany, ili ndi mapiko otalika mamita 17 kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Ndege 8 zotere zikalowa m'shedi imodzi zimapanikizana, phiko la iyi pansi pa la inzake, mchira wa iyo m'khwapa mwa ina. Pozitulutsa amalamula ndi munthu mmodzi yekha, ena onse n'kumvera. Pali pogwira ndi posagwira: kumphuno ndi kutsogolo kwa phiko pafupi ndi thupi n'kolimba, koma m'mphepete mwa kumbuyo kwa phiko m'mopyapyala, mukakankhirapo mwaphwanya. Zilonda zambiri za ndegezi sizichokera m'mwamba, zimachokera pa chitseko cha shedi.

Ndege iliyonse imayenderedwa tsiku lililonse isanauluke, ndipo woyenderayo ayenera kukhala wovomerezedwa ndi kalabu. Amayamba ndi kabuku kokhala m'ndegemo, kuwerenga zimene anzake analemba dzulo ndi dzana. Kenako amazungulira ndegeyo, kuyambira malo omwewo n'kulowera mbali yomweyo masiku onse, kuti manja azikumbuka pamene mutu waiwala. Amaona mpweya wa m'tayala. Amayang'ana ming'alu pa khungu la ndege, makamaka pamene phiko lakumana ndi thupi ndi pamene thupi laonda cha kumchira. Amagwedeza pang'ono nsonga ya phiko kumvetsera ngati m'kati muli chogogoda. Amayesa malamba, wailesi, batire, ndi mbedza yogwira chingwe. Amasuzumira timabowo tolowetsa mpweya ku geji ya liwiro, chifukwa mavu amakonda kumata dothi m'timabowo totere, ndipo geji ikanama woyendetsa amanamizidwa pa nthawi imene akufunitsitsa zoona. Amafufuzanso pansi pa mpando. Cholembera kapena kandalama kachitsulo kotayika kangagwere m'zitsulo zowongolera n'kuzimanga ndege ili m'mwamba. Zonse zikakhala bwino amasaina, dzina lake n'kukhala chikole.

Kuseri kwa shedi, eni ndege zawozawo ali pikitipikiti kutsegula ngolo zazitali. Glider imaphwasuka: mapiko amachoka, kaphiko ka kumchira kamachoka, zonse n'kugona m'ngolo. Kuilumikiza ndi ntchito ya anthu awiri kapena atatu, pakuti phiko limodzi limalemera ngati munthu wamkulu. Mitsitsi ya mapiko imalowa m'thupi n'kupingasana, ndipo imagwidwa ndi chitsulo chimodzi kapena ziwiri zonenepa ngati chala chachikulu kapena kuposerapo. Moyo wonse wa munthu wapachikika pa zitsulo zimenezo.

Gawo losautsa ndi la ziwongolero. Ndege zatsopano zimadzilumikiza zokha phiko likangolowa. Zakale zambiri zimafuna kulumikiza ndi dzanja, nthawi zina mopapasa m'kabowo kosaonetsa m'kati, pogwiritsa ntchito timfundo totchedwa L'Hotellier. Kamfundoka kali ndi khalidwe loipa: kamatha kukhala pamwamba pa kampira kake osalowa, n'kumaoneka ngati kagwira. Mukagwedeza ndodo yowongolera, chiwongolero chimayenda bwinobwino. Chimadzamasuka ndege itanyamuka, mphepo itayamba kukankha. Anthu afa nazo zimenezi, ena mwa iwo akatswiri a zaka zambiri, ndipo nkhani zake zimakonda kufanana: munthu ali pakati polumikiza, wina anabwera kudzamupatsa moni.

Ndiye pali malamulo awiri amene mlendo amadabwa nawo. Loyamba, wolumikiza ndege sapatsidwa moni. Zimaoneka ngati mwano, koma pa bwalo la ndege ulemu wake ndi umenewo, ndipo amene wasokonezedwa amabwerera poyambira. Lachiwiri, akamaliza amaitana munthu wina amene sanalumikize nawo. Winayo amagwira chiwongolero chilichonse ndi manja awiri kuti chisayende, mwini ndege n'kukankha ndodo molimbana naye. Chimene sichinagwire chimaulula pompo.

Ena nthawi yonseyi ali kumapeto kwa bwalo kukonza makina okokera chingwe, ena akuyenda ndi galimoto m'bwalo monse kuona mayenje ndi zinthu zotayika. Cha m'ma 9 koloko mlangizi wamkulu wa tsikulo amasonkhanitsa onse. Amanena kumene mphepo ikuchokera, poti ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, ndipo zimenezi n'zimene zimagamula mbali yoyambira. Amawerenga zidziwitso za oyang'anira mlengalenga zonena za madera otsekedwa tsikulo, n'kugawa ntchito. Msonkhano wabwino sutenga mphindi zoposa 15.

Chingwe

Njira zoponyera glider m'mwamba zilipo zingapo, koma zofala ndi ziwiri. Yotchipa, imenenso imadya manja ambiri, ndi ya makina otchedwa winch. Ndi injini yamphamvu, kawirikawiri ya mtundu wa V8, yozunguza gudumu lokulungirapo chingwe. Imaima kumapeto kwa bwalo, pa mtunda wopitirira kilomita imodzi kuchokera pamene pali ndege. Thirakitala kapena galimoto imakoka chingwecho kuchifikitsa kundege. Kale chinali cha waya basi, koma makalabu ambiri anasamukira ku chingwe cha Dyneema, chopepuka kwambiri, chimene chimafikitsa ndege pamwamba kuposerapo.

Chakumapeto kwa chingwe kuli kaparachuti kochitsitsa bwino chikamasulidwa, ndiponso kachitsulo kamene ntchito yake ndi kuduka. Anakapanga dala kofooka kuti chikoka chikapyola muyezo kathyoke iko, phiko lisanathyoke. Tizitsuloti tili ndi mitundu yosonyeza mphamvu yake. Mwa timene imapanga kampani ya Tost, kakuda ndi kolimba koposa ndipo kamaduka pa chikoka cha pafupifupi tani imodzi, kenako kabulawuni, kofiira, kabuluu, koyera, mpaka kobiriwira. ASK 21 imafuna kakuda, ASK 13, ndege ina yophunzitsira yakale, imafuna kabulawuni. Pamzere pakakhala ndege zosiyanasiyana, wokoleka chingwe amasintha kachitsuloka pafupipafupi, ndipo amakaonetsa kwa woyendetsa asanakoleke. Mwana wa zaka 14 amatha kugwira ntchito imeneyi, ndipotu ku Britain, ku America ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya wa msinkhu umenewu amaloledwa kuuluka yekha.

M'katimo woyendetsa akudutsa mndandanda wake mokweza mawu: ziwongolero zikuyenda momasuka, kulemera kwake kuli m'malire olembedwa pa kachikwangwani ka m'ndege, malamba amangidwa, mageji ali bwino, mabuleki a m'mapiko atsekeka, chivindikiro choonekera cha pamwamba pa mutu wake chakhomeka. Wopepuka thupi amaikirako zitsulo zolemera kumphuno, apo ayi ndege imalemera kumbuyo n'kuvuta kuilamulira. Zogwirira zili ndi mitundu yofanana pafupifupi kulikonse: chachikasu n'chomasulira chingwe, chabuluu n'cha mabuleki, chobiriwira n'chokhazikitsira liwiro, chofiira n'chotayira chivindikiro pangozi. Chomaliza pa mndandandawo si chinthu chogwira ndi dzanja koma funso: chingwe chikaduka nditani? Amayankhiratu, kutchula liwiro limene adzafune ndi mbali imene adzakhotere.

Wogwira phiko amayang'ana kumwamba ndi kumbuyo, n'kulikweza kuti ndege iime mowongoka. Chizindikiro choyamba chimapita kwa wa ku winch pa nyali kapena pa wailesi, iye n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono mpaka chingwe chiwongoke. Chachiwiri chikaperekedwa amatsegula mphamvu. Pali chachitatu, choti imani, ndipo chimenechi n'cha aliyense. Mlendo wobwera lero lomwe akaona galu akulowa m'bwalo, kapena kangolo kokankhira ndege kataiwalika kumchira, afuule basi. Kangolo kameneka amakapaka utoto wowala dala, komabe anthu anyamukapo nako.

Zotsatirazo zimachitika mofulumira kuposa mmene wowonera amaganizira. M'masekondi ochepa ndege yafika pa liwiro loulukira. Wogwira phiko amathamanga mapazi atatu kapena anayi n'kusiya. Ndege imadzuka, imakweza mphuno pang'onopang'ono mpaka itapendekeka pafupifupi madigiri 45, n'kukwera ngati kaiti. Mphindi imodzi isanakwane ili pa mamita 400 kapena 500, chingwe chamasulidwa, kuli zii.

Masekondi oyambawo ndi amene alangizi amataya nawo tulo. Phiko likagwa n'kukodwa mu udzu chingwe chikukoka, ndege imazungulira pa nsonga ya phikolo n'kugubuduzika, ndipo zimatha munthu asanaganize. Mankhwala ake ndi amodzi: dzanja lamanzere likhale pa chogwirira chachikasu kuyambira pachiyambi, ndipo phiko likangoyamba kutsika losabwezeka, kumasula lisanakhudze pansi. Woyendetsa akakweza mphuno mwaphuma ali pafupi ndi nthaka, mapiko amataya mphepo ndege n'kupidiguka. Chingwe chikaduka ali chopenyera kumwamba, ayenera kutsitsa mphuno nthawi yomweyo, kenako kudikira kuti liwiro libwerere asanachite china chilichonse. Kudikirako ndiye kovuta, chifukwa mphuno ikatsika maso amati zonse zili bwino pomwe liwiro lisanafike. Bwalo likakhala latsala lokwanira kutsogolo, amatera kutsogolo komweko ngakhale kukhale kutali ndi anzake. Bungwe la British Gliding Association, lokhazikitsidwa mu 1929, linayamba cha m'ma 2006 kuphunzitsa mfundo zochepa zimenezi mobwerezabwereza m'makalabu ake onse, ndipo ngozi zoopsa za pa winch zinatsika kwambiri. Sanasinthe makina, anasintha zimene dzanja limachita lokha.

Njira yachiwiri ndi yokokedwa ndi ndege ya injini pa chingwe cha mamita pafupifupi 60. Makalabu ambiri amagwiritsa ntchito Piper Pawnee, ndege imene inapangidwira kupopera mankhwala m'minda. Ubwino wake, imakusiyani pamene mwafuna, kawirikawiri pa mamita 600, pansi pa mtambo wooneka bwino. Apa amene waika moyo wake m'manja mwa mnzake ndi wokokayo. Glider ikakwera mopitirira kumbuyo kwake imanyamula mchira wa ndege yokokayo n'kuilozetsa pansi, ndipo zikachitika pafupi ndi nthaka palibe mpata wowongolera. Lamulo lake n'lakuti wokokedwa akangosiya kuona ndege yomukoka, amasule.

Masana

Pofika 12 koloko mzere wa ndege wafika kumpanda. Amene anyamuka ndi winch osapeza mzati amabwerera pakatha mphindi 5 kapena 6, n'kukalowanso kumbuyo kwa mzere nkhope zili gwa. Amene aupeza amasowa maola. Masamu ake ndi osavuta. Glider nthawi zonse imatsika mumpweya umene ikuulukamo. ASK 21 ikakhala pa mamita 1,000 mumpweya wodekha imayenda makilomita oposa 30 isanafike pansi, ndipo ndege za mpikisano zimaposa 50. Pozungulira imatsika pafupifupi mita imodzi pa sekondi, choncho ikalowa mumpweya wokwera mamita 3 pa sekondi, imapindula 2. Kachipangizo kotchedwa variometer kamalira mokweza ndege ikamakwera, n'kulira mobuula ikamatsika, kuti maso a woyendetsa akhale kunja. Mzati umodzi umatha kukhala ndi ndege 10, ndipo amene anayamba kulowamo ndiye amasankha mbali yozungulirira. Kuyambira mu 2004, pamene kachipangizo ka FLARM kanatulukira ku Switzerland, ndege zambiri zimachenjezana zokha zikayandikana. Komabe chida chimene oyendetsa amachikhulupirira koposa ndi kaulusi kofiira komatidwa ndi tepi pa chivindikiro. Kakaloza chowongoka, ndege ikuuluka bwino.

Pansi pano munthu wofunika kwambiri ndi amene wakhala pa kampando ndi buku kapena kompyuta, kulemba ndege iliyonse, amene alimo, nthawi yonyamukira ndi yoterera. Ntchitoyi anthu amaithawa, koma mabilu amachokera m'bukuli, maola a ndege iliyonse amawerengedwa kuchokera m'bukuli, ndipo madzulo ndi bukuli limene lidzanene ngati wina sanabwerere.

Ndege yotera ili ndi ufulu kuposa yonyamuka, pa chifukwa chodziwikiratu: ilibe injini yoti iyesenso kachiwiri. Ikangoima, anthu amathamangira kukaichotsa, poti pambuyo pake pangakhale zina ziwiri. Mitambo ikaphimba dzuwa kwa kanthawi mizati imafa, ndege zonse zapafupi n'kugwa pamodzi ngati mango a mphepo. Apo woyang'anira ponyamukira amaimitsa zonse mpaka bwalo liyere.

Kenako chingwe chimaduka, monga chimachitira tsiku lotanganidwa. Mbali ina yagwera mu udzu wautali, anthu awiri akuifunafuna. Cha waya amachilumikiza ndi timachubu tachitsulo tofinyidwa ndi chida chake, cha Dyneema amachiluka polowetsa nsonga m'kati mwa inzake. Mzere uli tcheru, mitambo ikukongolerakongolera, wina akufuula kuti fulumirani. Mfundo yolumikizidwa mothamanga ndi imene imadukanso ulendo wotsatira.

Chiyeso chenicheni cha kalabu chimabwera pamene wophunzira watera molimba, ndege n'kumenya pansi ndi kudumpha. Palibe wavulala, ndege ikuoneka yabwinobwino, ndipo pali ophunzira asanu amene akhala akukankha ndege za anzawo kuyambira m'mawa kudikira ndege yomweyo. Wophunzirayo akanena kuti, "Aphunzitsi, tabwerani mudzaone, ndamva kulira kunsiku," wachita chinthu chachikulu kuposa kutera bwino. Ndege ya fibreglass, ndiye kuti yopangidwa ndi ulusi wa galasi womatidwa ndi utomoni, imabisa mabala. Kunja kungaoneke kamng'alu konga tsitsi, pomwe m'kati zigawo zalekana, kapena chimango chogwira gudumu chamatuka. Katswiri woyendera amachotsa mpando, amaunika ndi tochi ndi kagalasi, amagogoda khungu ndi kandalama kumvetsera pamene kulira kwasintha. Akakayika, ndege imakalowa m'shedi dzuwa likuswa mtengo, asanu aja n'kupita kwawo osauluka. Kalabu imene imakalipira munthu woulula kulakwa kwake ikudziphunzitsira anthu obisa, ndipo ndege yobisidwa bala idzanyamula wina amene sanalakwe kanthu.

Mogwirira ntchito za ukatswiri simusowa ndege, ngakhale tsiku lotere. Chaka chilichonse ndege imayenderedwa mozama, mapiko atachotsedwa, mawaya a ziwongolero n'kufufuzidwa ngati ayamba kuthetheka, zolumikizira n'kutsukidwa ndi kupakidwa girisi. Za fibreglass zambiri zimayenderedwanso mwapadera zikakwanitsa maola 3,000 kuti ziloledwe kupitiriza. Mbedza yogwira chingwe ili ndi malire ake a maulendo, ikawakwanitsa imachotsedwa kukakonzedwa ngakhale ikuoneka yatsopano. Maparachuti a oyendetsa amatambasulidwa ndi kupindidwanso ndi katswiri wake, ndipo ku America lamulo limati pasapitirire masiku 180. Ndege ikakonzedwa kwambiri kapena kupakidwa utoto imapimidwanso pa sikelo, chifukwa utoto wochepa wowonjezereka kumchira, kutali ndi pakati, umasintha mmene ndege yonse imakhalira m'mwamba.

Mitundu ya ntchito imatsata msinkhu wa ndege. ASK 13, imene inayamba kuuluka mu 1966 ndipo ikuphunzitsabe anthu, ili ndi thupi la mapaipi achitsulo lokutidwa ndi nsalu, mapiko ake ndi a matabwa. Adani ake ndi chinyezi chofooketsa guluu, dzimbiri, ndi mbewa zomanga zisa m'mapiko. Za fibreglass zinayamba ndi Phönix, imene inauluka koyamba mu 1957 ku Germany, ndipo mdani wawo ndi dzuwa. Kuyera kwa pafupifupi ndege zonsezi si nkhani ya kukongola, koma kuti utomoni wogwira thupi lake umafooka ukatentha. Kuti mayina a ku Germany achuluke chonchi si ngozi. Pangano la ku Versailles la mu 1919, la pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, litamanga dzikolo manja pa ndege za injini, achinyamata ake anakwera phiri la Wasserkuppe, kumene mpikisano woyamba unachitika mu 1920, ndipo kampani ya Schleicher ili mpaka lero m'munsi mwa phiri lomwelo, ku Poppenhausen.

Dzuwa likapendeka

Cha m'ma 4 koloko foni ya kalabu imalira. Wina amene anapita kukayesa ulendo wake woyamba wa makilomita 50, umodzi mwa mayeso atatu a baji ya siliva ya FAI, bungwe la dziko lonse loyang'anira masewero a mumlengalenga, mizati yamuthera panjira ndipo watera m'munda wa munthu. Kwa oyendetsa glider imeneyi si ngozi. Amaphunzitsidwa kusankha munda akadali m'mwamba: kukula kwake, kutsetsereka kwake, mbewu zimene zilimo, ziweto, ndi mawaya a magetsi amene saoneka mpaka utawafika, moti amayang'ana mitengo yake osati mawayawo. Akatera, ntchito yoyamba ndi kukapeza mwini munda n'kupepesa mwaulemu. Yachiwiri ndi kudikira anzake awiri kapena atatu amene akoke ngolo yake kumulondola. Wanzeru amasiya ngolo ili yokonzeka, makiyi a galimoto ali poonekera, mafuta alimo.

Amene anapita kutali amayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena akukhetsa madzi m'mapiko ngati utsi woyera. Madziwo, amene amatha kupitirira malita 100, amawathira dala m'mawa kuti ndege ilemere n'kumathamanga kwambiri pakati pa mzati ndi mzati, ndipo amawataya asanatere. Malire a masewerowa ali kutali zedi. Klaus Ohlmann anauluka makilomita oposa 3,000 tsiku limodzi mu 2003 m'mbali mwa mapiri a Andes, ndipo mu 2018 ndege ya Perlan 2 inakwera kupitirira mamita 22,000 ku Argentina, onsewa pa mafunde a mphepo yodumpha mapiri. Koma nawonso atatera anafuna wogwira phiko.

Ndege isanalowe m'shedi imatsukidwa. Tizilombo tophwanyikira kutsogolo kwa phiko timasokoneza kayendedwe ka mphepo n'kuchepetsa mtunda umene ndege ingayende, ndipo tikauma timakanirira. Chivindikiro ndi pulasitiki yofewa yodula kwambiri, yosapukutidwa ndi nsanza youma, chifukwa fumbi limaikanda ndipo malo okandikawo amachititsa khungu poyang'ana kudzuwa. Mabatire amachotsedwa kukatchajidwa, maparachuti amakaikidwa pouma. Kulowetsa ndege m'shedi kumafuna kuleza mtima kuposa kuzitulutsa, pakuti tsopano anthu atopa, ena anazemba kale, ndipo kukuda.

Wolemba buku uja amayendetsa chala mzere ndi mzere kuona ngati ulendo uliwonse wonyamuka uli ndi nthawi yake yoterera. Pakapezeka mpata, palibe wopita kwawo. Kawirikawiri zimapezeka kuti munthuyo anatera wolembayo atatembenuka, ndipo ngolo yake ili kale yokhoma kuseri. Koma amayamba aiona ndegeyo ndi maso kapena kumva mawu a mwini wake pa foni, chifukwa ndege ikasowadi, ola lililonse la kuwala limene latsala ndi la ofufuza.

Mlangizi wamkulu amalemba m'kabuku ka ndege inamenya pansi ija, n'kumata chipepala chachikulu pa mageji ake chonena kuti isauluke, kuti wobwera m'mawa asadalire mphekesera. Wa ku winch amalemba kuti chingwe cha kumanzere chili ndi mfundo zambiri ndipo chikufunika kusintha. Kunja kwada. Pa geti pakuoneka nyali za galimoto ikukoka ngolo yaitali pang'onopang'ono, matayala ali matope okhaokha, ndipo wa makilomita 50 uja akutsika kudzafunsa ngati pali amene adakalipo womuthandiza kutsuka mapiko.